Kodi wakuba amalangidwadi, kapena amangogona ku esquadra n'kubwerako?

Wa ku Ulónguè

Abale anga odziwa malamulo, ndithandizeni. Kuno ku Angónia dandaulo ndi limodzi, kaya pamsika kaya pamaliro. Wakuba amupezerera Lolemba ali ndi mbuzi ya eni pachingwe, anthu amupereka ku esquadra ya polisi, pofika Lachinayi ali pabawo pansi pa mtengo, akuseka. Njinga zamoto zikusowa. Ng'ombe zikutuluka m'khola usiku n'kukacheredwa ku Malawi. Mbatata ya kachewere ikukumbidwa m'munda mwini wake asanaike khasu. Achinyamata ayamba kunena poyera kuti kupita kupolisi n'kutha nsapato chabe, bola kumukwapula pomwepo zithe.

Ndiye ndifunse: kodi chilango cha kuba chilipodi m'dziko muno, kapena chili m'mabuku mokha? Amene amatulutsa anthuwa ndani, apolisi kapena khoti? Nanga wobedwayo achite chiyani kuti mlandu wake usafere m'njira?

Wa za m'makhoti, Tete

Achimwene, chilango chilipo. Koma munthu wa pabawo uja nthawi zambiri sanawine mlandu, mlandu wake sunayambe n'komwe kuzengedwa. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka.

Lamulo limene likugwira ntchito tsopano ndi Código Penal ya 2019, Lei 24/2019. Inalowa m'malo mwa ya 2014, imene inachotsa ya Apwitikizi ya 1886. Lamuloli limasiyanitsa zinthu zimene ife timangoziti kuba. Furto ndi kutenga cha mwini mwakachetechete, osamukhudza, osamuopseza. Roubo ndi kulanda: chikwanje pakhosi, kumenya mlonda, kumangirira eni nyumba. Pa furto chilango chimatsata mtengo wa chobedwacho, ndipo mtengowo amauyeza ndi salário mínimo, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma. Woba nkhuku ziwiri ndi woba ng'ombe zinayi zapangolo sangalandire zofanana. Chilango chimakweranso ngati anathyola chitseko, anaboola khoma, anabwera usiku ali gulu, kapena ngati anamangidwapo kale pa mlandu wonga womwewo. Roubo ndiye ndi wa zaka, ndipo ngakhale mwini katundu atakhululuka, procurador, loya wa boma woimba milandu, amapitiriza nawo chifukwa ndi crime público, mlandu wa boma.

Tsopano za Lachinayi lija. Munthu akagwidwa ayenera kuonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48. Tsiku limenelo woweruza sagamula kuti anaba kapena sanabe. Amangoona zinthu ziwiri: ngati anagwidwa motsata lamulo, ndi kumene adzadikirire mlandu wake. Akhoza kumupatsa termo de identidade e residência, ndiye kuti alembetsa dzina ndi kumene amakhala, alonjeza kuti sasamuka osanena ndipo akaitanidwa abwera. Akhoza kumuikira caução, ndalama ya belo. Kapena amutumiza ku prisão preventiva, kudikirira m'ndende. Yachitatuyi amaisungira milandu ikuluikulu, pamene pali mantha akuti munthuyo athawa, aopseza mboni kapena akabanso. Wa mbuzi imodzi, wokhala ndi nyumba yodziwika ndi nyakwawa womudziwa, kawirikawiri amabwerera kwawo kukadikira.

Dziwaninso kusiyana kwa wopezereredwa ndi wongoganiziridwa. Mukamupezerera akuba, kapena mukamuthamangitsa n'kumugwira katundu ali m'manja, ndiyo flagrante delito. Aliyense ali ndi ufulu womugwira, bola amupereke kwa apolisi nthawi yomweyo. Koma mukangoti "tikudziwa ndi mwana wa uje", apolisi sangangomunyamula n'kumutsekera. Mu 2013 Conselho Constitucional, bwalo loona za malamulo aakulu a dziko (Constituição), inagamula kuti mphamvu yolamula kuti munthu asungidwe podikira mlandu ndi ya woweruza, osati ya apolisi. Ena amati chigamulochi chinakomera mbava. Ine ndimati chimatetezanso inu tsiku limene mnzanu wa malire a munda adzakunamizireni.

Milandu yambiri imafa pa zifukwa zinayi zosachititsa n'chidwi chomwe. Wodandaula amachoka pa esquadra ali wokwiya, osafunsa nambala ya processo, fayilo ya mlandu wake, ndiye pakapita mwezi palibe chofunsira. Mawu ake amalembedwa m'Chipwitikizi, iye n'kusaina osamuwerengera, kenako kukhoti zikupezeka kuti pepala likuti mbuzi yakuda pamene iye akuti yamawanga. Mboni zimalandira notificação, kalata yoziitana kukhoti, koma tsikulo likugwera nthawi yobzala, ndalama ya chapa yochokera ku Dómuè kupita ku Ulónguè palibe, sizibwera. Mlandu uimitsidwa kawiri katatu, kenako umboni ukuperewera. Chachinayi, mbuzi ija imabwezedwa mwachinsinsi, mabanja agwirana chanza, koma palibe wokauza khoti.

Choncho chitani izi. Kadandauleni tsiku lomwelo. Kulembetsa dandaulo sikulipiritsa. Pemphani kuti akuwerengereni zimene alemba, m'chinenero chimene mukumva, musanasaine. Lembani nambala ya processo, tsiku, ndi ola limene munthuyo anaperekedwa. Perekani mayina a mboni zimene zinaona ndi maso, osati zongomva, pamodzi ndi manambala awo a foni. Milandu yofuna kufufuza imapita ku SERNIC, nthambi yofufuza milandu, imene inakhazikitsidwa mu 2017 m'malo mwa nthambi yakale yotchedwa PIC, koma woyendetsa mlandu ndi procurador. Pakatha masabata awiri kapena atatu, pitani ku Procuradoria ya distrito ndi nambala ija mukafunse pamene zafika.

Sindikubisa kuti adyera alipo. Ngati munthu watuluka osaonekera kwa woweruza, popanda pepala lililonse, imeneyo si belo. Kauzeni procurador, chifukwa kuyang'anira za anthu otsekeredwa ndi ntchito yake. Ndipo ngati wina wakupemphani "ya mafuta" kapena "ya refresco" kuti mlandu uyende, nkhani za ziphuphu zili ndi ofesi yake, Gabinete Central de Combate à Corrupção, ndiponso procurador yemweyo amazilandira.

Wa ziweto ndi njinga, Tsangano

Bambo a ku Tete afotokoza bwino za khoti. Ine ndionjeze za umboni, chifukwa akuluakulu anati mlandu suwola, koma umboni ndiye umawola, ndipo umawola msanga. Ng'ombe yobedwa usiku, ikafika masana a tsiku lachiwiri ikhoza kukhala ili pa mbedza, chikopa chili m'dzenje.

Funso loyamba limene mudzafunsidwe ndi lakuti, "Mukudziwa bwanji kuti ndi yanu?" Yankho lakuti ndinaiweta kuyambira ili thole silikwanira, poti wakubayo adzanenanso zomwezo, ndipo adzabwera ndi mlamu wake womuikira umboni. Chofunika ndi chizindikiro chimene munaika kale ndipo ena akuchidziwa: chidindo cha chitsulo chamoto pantchafu, kapena kadulidwe ka khutu ka banja lanu. Jambulani ng'ombe iliyonse ndi foni mbali zonse ziwiri ndi kumaso, nyanga zioneke, inu mutaima pambali pake. Zithunzizo tumizirani m'bale wanu pa WhatsApp kuti zikhale ndi tsiku, komanso kuti foni ikatayika zisapite nayo. Mukagula ng'ombe, lemberanani kalata yokhala ndi mtundu wake, zizindikiro, mtengo, ndi saini ya mfumu kapena secretário wa dera.

M'mawa mukapeza khola lili pululu, musalole khamu lipondeponde pakhomo pake. Onani mapazi kaye: alowera kuti, anthu anali angati, anavala nsapato zotani. Ena atsate mapazi, wina athamangire kupolisi, wina aimbire mafumu a midzi ya kutsogolo. Osadikira kuti "tiyambe tafufuza tokha". Ziweto zoyenda mwalamulo kuchoka dera lina kupita lina zimayenda ndi guia de trânsito, kalata yololeza ulendowo, yochokera kwa a zaziweto ku SDAE, ofesi ya distrito yoona zaulimi ndi malonda. Munthu wopezeka akukusa ng'ombe usiku m'njira zachidule alibe pepalali, wayamba kale kudzitsutsa yekha. Dziwitsaninso opha nyama a m'misika yoyandikana. Wopha nyama wanzeru safuna kugula mlandu.

Zikawoloka malire, apolisi athu sangalowe m'Malawi kukagwira munthu. Mudutsire kwa apolisi a m'malire, kaya pa Calómuè moyang'anana ndi Dedza, pa Biriwiri, kapena pa Zóbuè moyang'anana ndi Mwanza, mutanyamula pepala losonyeza kuti munadandaula kale kuno, kuti iwo alumikizane ndi anzawo a tsidya lija. Kupita nokha ndi mikondo kukatsegula khola la munthu ku Ntcheu, mudzagona m'chitokosi cha kumeneko ngati mbava ndinu.

Njinga yamoto ili ndi manambala awiri. Ya felemu inadindidwa pakhosi, pamene chiwongolero chimalumikizana ndi thupi la njinga. Ya injini ili m'munsi mwa injini, kawirikawiri mbali ya kumanzere. Koperani onse awiri m'kope lero lomwe, ndipo factura (lisiti yogulira) ndi livrete (kabuku ka njingayo) musamazisunge pansi pa chishalo, chifukwa wakuba amatenga njinga ndi umboni wake womwe. Chitsulo cha nambala ya kumbuyo amachichotsa pa mphindi imodzi, utoto amasintha, koma nambala yodindidwa amachita kuipala ndi chopalira, ndipo malo opalidwa amaoneka. Foni nayo ili ndi IMEI, manambala 15; imbani *#06# muwalembe.

Mawu awiri kwa ogula. Njinga yatsopanotsopano ikugulitsidwa theka la mtengo wake, mapepala "abwera mawa", nambala ya injini yopalidwa: mukagula, mlandu wake ndi receptação, kulandira katundu wobedwa. Njinga idzalandidwa, ndalama zanu zapita, ndipo mukhoza kuimbidwa mlandu pamodzi ndi wakubayo. Kwa eni njinga za mototáxi: mnyamata amene munamupatsa nokha makiyi akathawa nayo, si furto, ndi abuso de confiança, mlandu wothawa ndi katundu amene unasungitsidwa. Popanda kalata ya mgwirizano iye adzanena kuti munamugulitsa pangongole ndipo amalipira tsiku ndi tsiku. Lemberanani, pakhale mboni ziwiri, musunge ndi kope la BI, chitupa chake.

Mayi wa ku Moatize

Zonsezi ndamva, koma mukukamba za akuba mbuzi. Ndende zadzaza ndi anyamata a nkhuku ndi mafoni, ena akhala miyezi osaonana ndi woweruza kachiwiri chifukwa alibe wowalankhulira. Nanga akuba ndi cholembera, ovala mataye? Mwana akamaona wa nkhuku ali m'ndende, wa mamiliyoni akumanga nyumba yosanja, mumuuza bwanji kuti kuba kuli ndi chilango?

Wa za m'makhoti, Tete

Mayi, simunaname, sikelo yake siyofanana. Wolemera amalemba loya wabwino, amalipira caução tsiku lomwelo, amachita apilo mpaka zaka. Wosauka amadalira IPAJ, bungwe la boma lothandiza pa milandu mwaulere, ndipo anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti lilipo. Ngati muli ndi m'bale amene wakhalitsa pa prisão preventiva, kumeneko ndiye kopita. Kusunga munthu podikira mlandu kuli ndi malire a nthawi, ndipo akapyola pali habeas corpus, pempho kukhoti loti wosungidwa mosatsata lamulo atulutsidwe.

Koma kunena kuti a mataye sakhudzidwa konse n'kupyoza. Kumbukani dívidas ocultas, ngongole zobisa za pafupifupi madola 2 biliyoni zimene zinatengedwa mu 2013 ndi 2014 m'dzina la makampani a ProIndicus, EMATUM ndi MAM. Zitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, metical inagwa, ndipo tonse tinazimva pa mtengo wa mafuta ophikira ndi sopo. Mlandu unayamba mu 2021 m'tenti pa ndende ya BO ku Machava, woweruza ali Efigénio Baptista, anthu akuonera pa TV. Mu December 2022, mwa anthu 19 oimbidwa mlandu, 11 anapezeka olakwa n'kulandira zaka 10 mpaka 12. Mwa iwo munali Ndambi Guebuza, mwana wa pulezidenti wakale, ndi Gregório Leão amene anali mkulu wa SISE, bungwe la akazitape a boma. Manuel Chang, nduna yakale ya zachuma, anagwidwa ku Johannesburg mu December 2018, anatumizidwa ku America mu 2023, khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024, ndipo mu January 2025 linamupatsa zaka 8 ndi theka.

Mukhoza kunena kuti zaka 12 pa ndalama zoterozo n'zochepa, ndipo sindingakutsutseni. Ngongole yake akulipira ndi wogulitsa tomato pa msika wa Kwachena.

Mkulu wa bwalo, Furancungo

Ndilankhulepo za kumudzi, poti milandu yambiri ya kuba sifika n'komwe pa khoti la distrito, ndipo si yonse yoyenera kufikako.

Tribunal comunitário ndi bwalo lovomerezeka ndi lamulo, Lei 4/92. Limakhala ndi oweruza asanu ndi ena atatu ogwirizira. Ntchito yake yoyamba ndi kuyanjanitsa. Likhoza kudzudzula munthu pagulu, kumulipiritsa chindapusa, kumulamula kubweza kapena kulipira chimene anawononga, kapena kumupatsa ntchito yothandiza mudzi kwa masiku osapyola 30. Silingatsekere munthu, silingamukwapule. Mbali imodzi ikakana chigamulo, nkhani ikhoza kupita kukhoti la boma. Pa nkhuku, chimanga cha m'munda, khasu, mbuzi imodzi pakati pa anthu odziwana, bwaloli limathandiza wobedwa kuposa ndende, chifukwa chimene iye akufuna ndi mbuzi yake, ndipo wakuba ali m'ndende salima, salipira. Manyazi oimirira pamaso pa apongozi ndi mudzi wonse nawonso si chilango chochepa.

Chimene chimalakwika n'chakuti chigamulo chimathera pakamwa. Chilembedwe: wabweza chiyani, zingati, pofika tsiku liti, mboni ndani. Akadzabanso, pepalalo ndi limene lidzasonyeze apolisi kuti si koyamba. Cholakwika china ndi kutengera kubwalo milandu yosayenera. Kulanda ndi zida, kuvulaza munthu, kugwirira, kupha, gulu loba ng'ombe: zimenezi mfumu kapena nyakwawa azitumize kupolisi, ngakhale mabanja atapempha kuti zithere pansi pa mtengo.

Tsopano kwa achinyamata aja akuti bola kumukwapula. M'dziko muno mulibe chilango chophedwa. Constituição imanena momveka, ndipo imaletsanso ndende ya moyo wonse. Chimene boma lenilenilo silingachite kwa wopha munthu, gulu silingachite kwa woba foni. Linchamento, gulu kudzilangira lokha munthu, pamaso pa lamulo ndi kupha kapena kuvulaza munthu basi, ndipo zaka zake n'zambiri kuposa za kuba kumene kunayambitsa. Pagulu aliyense amadziona ngati wabisala, koma masiku ano pamakhala mafoni khumi akujambula, ndipo woyamba kufunidwa ndi mwini katundu amene anakuwa kuti "wakuba!", kenako wobweretsa chingwe, wogula petulo. Wobedwa mbuzi m'mawa, madzulo ndiye woimbidwa mlandu wakupha. Osanenanso za ophedwa molakwika: mlendo wosadziwa njira, wodwala misala, munthu amene wina anali naye chidani cha ngongole.

Palinso kuipa kwina kumene anthu saganizira. Wakuba akafika ku esquadra atatupa nkhope, nthiti zitathyoka, ayenera kupita kuchipatala kaye, ndipo chilichonse chimene anavomera akumenyedwa khoti silichiwerengera. Mwamupatsa nokha podzitetezera. Mukamugwira, mumangeni manja ngati akulimbana, katundu wobedwayo asachotsedwe pamene wapezeka mpaka ajambulidwe, akulu awiri kapena atatu atsagane naye, ndipo ana ndi oledzera atalikire.

Za ombeza ndisachedwepo. Kuti sing'anga waloza uje si umboni kukhoti lililonse, ndipo mukamutchula munthu wakuba pagulu popanda umboni, iye akhoza kukusumirani inu.

Wa ku Ulónguè

Zikomo akuluakulu, ndaphunzira. Mafunso awiri otsala. Katundu akapezeka, amabwerera liti kwa mwini wake? Pali anthu amene njinga zawo zachita dzimbiri pabwalo la polisi. Ndiponso wakuba akapatsidwa miyezi yochepa, kapena akangolipira chindapusa, ndiye kuti zathera pomwepo?

Wa za m'makhoti, Tete

Katundu wogwidwa amasungidwa ngati umboni, koma sikuti adikire mpaka chigamulo nthawi zonse. Akalembedwa m'processo, kujambulidwa ndi kuyezedwa mtengo, mwini wake akhoza kulemba requerimento, kalata ya pempho, kwa procurador kapena woweruza amene ali ndi mlanduwo, kupempha kuti amubwezere. Phatikizanipo kope la factura, livrete kapena zithunzi zija. Akavomera mumasaina termo de entrega, pepala losonyeza kuti mwalandira katunduyo. Pa ziweto, zimene zimafuna msipu ndi madzi, akhoza kukupatsani ngati fiel depositário: mukuzisunga ndinu, koma simungazigulitse kapena kuzipha mpaka mlandu utatha, ndipo khoti likazifuna muzionetse. Njinga zambiri zochita dzimbirizo n'za anthu opanda mapepala, kapena amene anangopempha pakamwa pa kauntala osalemba kalikonse. A IPAJ akhoza kukulemberani requerimento imeneyi.

Ngati katundu sanapezeke kapena anawonongeka, nenani msanga kuti mukufuna indemnização, malipiro a zimene mwataya, ndipo mubweretse chosonyeza mtengo wake, kuti nkhani ya kulipira iweruzidwe pamodzi ndi mlanduwo. Kuti ndalamazo zidzatuluka, zimadalira ngati wolakwayo ali ndi kanthu.

Pa funso lachiwiri: pa milandu ing'onoing'ono lamulo limalola woweruza kupereka chindapusa, ntchito yothandiza anthu, kapena kuimika chilango m'malo motumiza munthu kundende, makamaka wolakwa koyamba. Wa zaka zambiri naye akhoza kupempha liberdade condicional, kutuluka chilango chisanathe, akatha theka la chilango ngati wasunga khalidwe. Mwana wosakwana zaka 16 saimbidwa mlandu ngati wamkulu. N'chifukwa chake magulu ena amatuma ana kulowa pawindo, koma wotumayo mlandu ndi wake.

Chimene chimatsala ndi registo criminal, kaundula wa boma wa opezeka olakwa. Chigamulo chikakhazikika chimalembedwa pa dzina la munthuyo. Akadzafuna ntchito ya boma, uphunzitsi, upolisi, ulonda, kapena m'makampani ambiri a ku migodi ya Moatize, adzamufunsa certificado de registo criminal, ndipo mbuzi ija idzatulukira pamenepo. Akadzagwidwanso, woweruza adzaliona pepala lomwelo, chilango chidzakwera chifukwa cha reincidência, kubwereza mlandu, ndipo mwayi wodikira mlandu ali kunyumba udzachepa. Koma zonsezi zimalembedwa pokhapokha mlandu utafika pa chigamulo, ndiye notificação ikabwera, ndalama ya chapa ya mboni zanu ziwiri zija muisunge padera.